Chitini cha Matikiti

Ofesi yathu kuno ku Safi ili pamwamba pa sitolo ya nsapato,
masitepe khumi ndi asanu ndi anayi.
Rkia anawakwera onse atafumbata chitini,
napumira pa sitepe yomaliza, dzanja pa bondo.

Fungo la nsomba linalowa iye asanalowe.
Zaka makumi awiri akudula mitu ya sadini
m'fakitale ya kudoko,
zala zinapindika ngati mbedza,
mchere unanyambita mizere ya m'manja mpaka kuifafaniza.

Ine ndine wa boma woona za apantchito.
Ndili ndi chidindo, tebulo logwedera,
ndi buku la malamulo lachikuto chobiriwira
lomwe ndimalidziwa kuposa mayina a ana a mlongo wanga.

A Lahlou, eni fakitale, anabwera Lachinayi
ndi kaundula wawo wa maola, woyera ngati mbale yotsuka kumene.
Tsiku lililonse maola asanu ndi atatu.
Ngakhale mwezi uja maboti ankabwera atalemedwa,
nsomba zikusefukira pa simenti,
asanu ndi atatu, asanu ndi atatu,
cholembera chimodzi, inki imodzi,
dzanja la munthu amene analemba chaka chonse usiku umodzi.

"Mayiwa ndi ngati mlongo wanga," anatero
akuzunguza tambula ya tiyi wa timbewu.
"Funsani aliyense."
Aliyenseyo ndinamufunsa kale.
Aliyenseyo ali ndi lendi yoti alipire,
ndipo anangoyang'ana nsapato zake.

Pamenepo Rkia anavundukula chitini.
Munalibe nsomba.
Munali matikiti a basi yomaliza ya usiku,
omangidwa ndi ulusi, mwezi ndi mwezi.
Kuwerenga sadziwa.
Ankasungira mwana wake Mbarek
yemwe ankawapinda kupanga timaboti,
mwanayo anakula, anapita ku Casablanca,
koma dzanja la mayi linapitiriza lokha.

Ndinawayala patebulo, tipepala tonunkha mafuta.
Pa 3 Ogasiti, leveni koloko usiku.
Pa 4, leveni koloko. Pa 5, pa 6, pa 7.
"Munthu woweruka faifi koloko
amatani pa siteji mpaka leveni?"
A Lahlou anakweza maso kudenga
pamene mvula ya chaka chatha inasiya banga.

Ndinawonkhetsa kawiri: madiramu zikwi khumi ndi zinayi.
Lamulo likuti onse.
Koma kukhoti mzere ndi wautali,
ndipo matenda a shuga sadikira woweruza.

Anayambira pa zikwi zinayi.
Ndinatseka buku langa, phwa!
Zisanu ndi chimodzi.
Ndinakumbukira mokweza za khomo lothawira moto
lomwe ndinalipeza lomangidwa ndi tcheni.
Anapukuta thukuta m'khosi.
Zisanu ndi zinayi.
Ndinali ndisanathe, ndinali ndi mpeni wina m'thumba,
koma Rkia anali atagwedeza kale mutu.

Ndinalemba kuti: Agwirizana.
Liwu limeneli ndalilemba kambirimbiri
ndipo silinandikomerepo m'kamwa.
Zikwi zisanu zatsala m'thumba la eni ake olakwika.
Ndiwo mausiku angati amenewo?
Ndinayamba kuwerenga, ndinasiya.

Chala chake chinakana inki kawiri.
Kachitatu chinasiya kadontho kopanda mizere,
ngati diso la nsomba,
ine n'kudinda pambali pake.

Atatsika onse ndinaona chitini chili patebulo.
Ndinatsegula windo, mphepo ya kunyanja n'kumwaza mapepala.
"Mayi, mwaiwala!"
Anali atafika kale pa ngolo ya wogulitsa malalanje.
Anakweza dzanja osatembenuka.
"Sungani, mwanawe.
Mawa kubwera Zhor.
Tinkakwera basi imodzi."

Chitinicho ndachiika m'dirowa,
pamwamba pa buku lobiriwira.
Zimathinana, dirowa silitsekeka bwino.